Tsiku Limene Winfrida Anagwadira Mwala

1. Buku lakuda

Ine ndine Tionenji, koma kuno ku Barking, mu London, aliyense amangoti Anti Tiyo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Chingerezi changa ndi chogulira anyezi ndi chofunsira basi. Koma mundipatse nsalu, sizasi ndi makina, muona kuti nanenso ndili ndi digiri.

Ndimakhala ndi mlamu wanga Peggy, amene ndi nesi, ndi mwana wake Winfrida, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wini ndi mwana wa malemu mchimwene wanga Evance, amene anatisiya mwanayo ali ndi zaka zitatu, tisanabwere kuno. Kwathu ku Dedza mlongo wa bambo timamutcha bambo aakazi. Ndiye kuti ine ndine bambo ake a Wini. Ndevu zinachedwa, koma zayamba kumera chaka chatha.

Wini ankaphunzira zojambula kusukulu, ndipo chimenecho chinali chaka cha mayeso ake omaliza. Anali ndi buku lalikulu lakuda lomanga ndi labala. Kuyambira Seputembala ankajambulamo chinthu chimodzi chokha: nsalu. Anajambula chitenje changa chili pachingwe, makatani a m'khitchini, yunifolomu ya mayi ake itaponyedwa pampando. Bukulo linkayenera kufika m'manja mwa aphunzitsi Lolemba m'mawa. Likanapanda kufika, malikisi ake ambiri akanapita ndi mphepo.

Peggy zojambulazo ankazilekerera monga timalekerera mvula ya kuno: osakondwa nayo, koma osalimbana nayo. Lamulo lake linali limodzi. M'nyumba mwathu simunkalowa chosema chilichonse. Ngakhale kanjovu kamtengo kaja kamakhala pafupi ndi TV m'nyumba ya Mmalawi aliyense, ife tinalibe. Wini ankayesa kuti ndi za tchalitchi basi. Ine ndinkadziwa zoposa pamenepo, koma ndinalonjeza kalekale kuti pakamwa panga ndasoka, ndipo msoko wanga sumasuka wamba.

Loweruka lina la mu Febuluwale, kutatsala masiku awiri kuti bukulo liperekedwe, mayi ake atapita ku ntchito, Wini anabwera pa makina anga.

"Anti, ticha akuti nsalu zofewa zakwana. Akuti ndikajambule nsalu ya mwala ku myuziyamu. Mundiperekeze."

"Nsalu ya mwala amachapa ndi sopo wanji?"

"Tiyeni basi. Kulowa ndi free."

"Ukanayamba ndi mawu amenewo, bwenzi tili kale m'sitima."

Mwana uja anatuluka ndi kajekete kopyapyala ngati chikopa cha anyezi, ati fashoni. Pofika pasiteshoni mano ake anali akuimba kwaya. Ine ndinali nditavala majuzi atatu, choncho ndinavula chikhothi changa chapepo cha mabatani agolide, chimene ndinasoka ndekha ndipo mpingo wonse umachidziwa, n'kumuveka. Chipewa changa chaubweya ndinamuvekanso. Kumuona cham'mbuyo anali ine ndithu, kungoti wowongoka.

2. Munthu wa mwala wotuwa

Myuziyamu ija ndi yaikulu ngati msika wa Lilongwe utafoleredwa. Tinayenda, tinakwera masitepe, mpaka Wini anaima n'kunena, "Uyu."

Anali munthu wa mwala wotuwa, woimirira, wamtali ngati mwana wa Sitandade 5. Dzanja limodzi linathyoka kalekale. Tsitsi lake linali la mafundemafunde, lomangidwa kampira pamwamba. Makutu aatali. Maso otsika pang'ono, ngati munthu amene wamva nkhani yonse koma sanakwiye.

Patsogolo pake panali mayi wina wachikulire, mwina wa ku Sri Lanka kapena cha kumeneko. Anaphatikiza manja pachifuwa, anaweramitsa mutu, milomo ikuyenda. Ndinakoka Wini. "Dikira. Munthu akamapemphera sitimudutsa kutsogolo, kaya akupemphera kwa yani." Tinadikira mpaka anamaliza. Pochoka anatimwetulira, ifenso tinamumwetulira.

"Tsono ndi ndani mkuluyu?" ndinafunsa.

"Ndi Buddha, Anti. Mphunzitsi wamkulu wa chipembedzo cha anthu ambiri ku Asia. Anamusema ku Gandhara, dera limene lero lili ku Pakistan ndi Afghanistan. Papita zaka pafupifupi 1,800."

"Ndiye wasungika bwino kuposa ine."

"Ticha akuti poyamba osema sankasema thupi lake. Ankangosema mapazi ake, kapena mtengo, kapena mpando wopanda munthu. Koma kumeneko kunali kutafika Agiriki kalekale ndi nkhondo. Ena anakhazikika, malonda anapitirira, anthu anasakanikirana. Agiriki ankadziwa kusema thupi la munthu litavala nsalu. Ndiye osema a ku Gandhara anatengako lusolo. Munthuyu ndi wawo, chikhulupiriro ndi chawo, koma kagwedwe ka nsaluka n'kochokera kutali."

Za Agiriki ine ndinangomva m'makalata a Paulo. Koma nditayang'ana nsalu ija, ndinasiya nthabwala kwa kanthawi. Inafunda mapewa onse awiri. Makwinya ake ankachoka paphewa n'kumatsika mokhota pachifuwa ngati mizere ya m'munda wa paphiri. Munthuyo anaimira mwendo umodzi, ndipo bondo la mwendo winawo linkakankha nsalu pang'ono, moti unkaliona ngakhale linali lobisika. Mwala, koma ukanalumbira kuti ukauzira mpweya ugwedezeka.

"Amene anasema uyu anakhalapo pafupi ndi telala," ndinatero. "Iwe, usajambule uli chiimire ngati wapolisi. Telala amadziwika kumpendero. Tsika pansi uone mmene nsaluyi yathera."

Wini anatsika. Anagwada mawondo onse awiri pasimenti, buku pansi, mutu utawerama, n'kuyamba kujambula.

Ine ndinapita kukafuna chimbudzi. Ndinasochera, ndinakapezeka m'chipinda cha maliro akale okulungidwa m'nsalu amene mpaka lero sanaikidwe. Ndinawapepesa n'kubwerera. Pamene ndinkafika, Wini anali atadzaza masamba atatu, mawondo atachita dzanzi, nkhope ikuwala.

Tinabwerera kunyumba tikudya tchipisi m'sitima, mitima ili mbee. Sitinkadziwa kuti Mayi Mubanga a ku mpingo kwathu analinso m'myuziyamu muja tsiku lomwelo, akuonetsa London kwa alendo awo ochokera ku Lusaka.

3. Chithunzi pa gulu

Peggy anafika cha m'ma faifi, foni ili m'manja, chikwama asanatule.

"Alamu, bwerani. Winfrida, nawenso."

Pa gulu la WhatsApp la amayi a mpingo panali chithunzi. Munthu wovala chikhothi chapepo ndi chipewa chaubweya, wojambulidwa cham'mbuyo, atagwada chowerama pamaso pa Buddha. Buku silinkaoneka. Pensulo sinkaoneka. Pansi pake Mayi Mubanga analemba kuti: "Abale tipemphere. Wathu uyu." Mameseji oyankha anali atafika makumi asanu ndi limodzi.

"Chikhothichi ndi chanu, alamu," anatero Peggy. "Koma inu mawondo anu sagwada. Tsono uyu ndi ndani?"

Wini anatsegula pakamwa. Ine ndinamuponda chala ndi patapata.

"Ndine," ndinatero. "Ndinaona ngati wina wagwetsa ndalama yachitsulo."

Apa ndiyenera kuulula. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo amayi a mpingo anandiika pa ndandanda wokwecha pansi pa holo imene timachita lendi. Tsiku lomwelo mawondo anga anafa. Kuyambira pamenepo sindinagwadirepo munthu, ngakhale abusa, ndipo ku tchalitchi ndili ndi mpando wangawanga wa khushoni. Zoona zake n'zakuti mawondo anga ndi amoyo ngati a mwana wa mbuzi.

Peggy anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mwana wake.

"Winfrida, tamvera. Ine ndimadzuka usiku kukasamala anthu odwala kuti iwe uphunzire. Sindinakuletse kujambula. Unati ukujambula nsalu, ine ndinati jambula. Koma kwathu bondo si chinthu chamasewera. Bondo timapindira makolo, timapindira apongozi, timapindira Mulungu. Munthu akagwada wanena mawu ngakhale pakamwa pali potseka. Dziko lino mwana amalonjera agogo ake ali chigonere pa sofa, ine ndinakana kuti iwe usakule choncho. Ndinakuphunzitsa kugwada ndekha. Tsono ndikadzamva kuti bondo limene ndinaphunzitsa ine lakapindidwira mwala wosema, ndipo mwalawo walowa m'nyumba muno kudzera m'buku lako lija, bukulo lidzatuluka. Lidzapita mu bini, mayeso kaya asakhalepo. Wamva?"

"Yes, Mum."

"Akulu a mpingo aitanitsa azakhali ako mawa tikaweruka mapemphero. Tonse tikakhalapo."

Peggy atapita kosamba, Wini anandikokera ku makina.

"Anti, koma ndi bodza."

"Ndi kabodza kakang'ono, ka saizi eyiti. Ndilivala mawa, Lolemba iwe ukapereka buku, Lachiwiri ndilivula. Ine andichita chiyani? Anandizolowera. Iwe ungokhala chete ngati mnzako wa mwala uja."

Wini anangotenga buku lake n'kuliika m'chikwama cha ku tchalitchi, pansi pa Baibulo.

4. Mawondo auka

Mpingo wathu ndi wa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia. Timapemphera m'holo ina ku Barking, imene mkati mwa sabata ana amaseweramo mpira wa manja. Milandu timakambira m'khitchini mwa holoyo, chifukwa ndi mokhamo muli chitseko chotseka bwino.

Anakhala pampando ndi a Rogers Kamwendo, mkulu wa mpingo. Anayendetsa mabasi ofiira zaka makumi awiri, ndipo amayankhula ngati basi yomwe: pang'onopang'ono, kuima pa siteji iliyonse. Panali akulu ena awiri, amayi anayi, Peggy, Wini ndi ine. Ketulo inali ikuwira.

Mayi Mubanga anayamba. Si munthu woipa ayi. Ndinadwala chaka chatha, anabwera ndi phala masiku anayi. Kungoti chala chawo chimathamanga kuposa mutu.

"Ine ninaona na menso yanga, si vomvela chabe iyai," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Chikhoti ichi ninachiziba pamene paja. Ninafuna kuyenda pafupi, manje alendo benze kufulumira. Mutima unanibaba maningi."

"Mayi Tionenji," anatero a Kamwendo, "ndinu muli pachithunzichi?"

"Ndine, bambo. Ndaonda pang'ono chifukwa kamera ya Mayi Mubanga ndi yachifundo."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Koma ife tikudziwa kuti inu simugwada. Dokotala anakuletsani, munatiuza nokha."

"Ankatero."

"Tagwadani tione."

Ndinayang'ana mpando wanga wa khushoni kudzera pazenera la chitseko. Ndinautsanzika mumtima. Kenako ndinakonza chitenje, n'kutsika pansi mwaulemu ngati mkwatibwi wopereka madzi kwa apongozi. Popanda bondo kulira ngakhale kamodzi.

"Yesu wanga!" anakuwa mayi wina. "Zaka zonsezi ife tikukwecha tokha!"

"Ndi chozizwitsa," ndinatero. "Mwaona nonse."

Panalibe anaseka. A Kamwendo anavula magalasi. Ndinaona kuti bodza langa lakwana bwinobwino, lopanda pofinya. Aliyense anakhulupirira. Ngakhale Peggy anatsitsa mapewa ngati watula mtolo.

"Mayi Tionenji," anatero a Kamwendo, "nthabwala zanu timazikonda. Pamaliro mumatiseketsa misozi isanaume, ndipo ndi mphatso. Koma pali zinthu zimene munthu wamkulu saseweretsa. Ana athu akukula pakati pa zipembedzo zambiri. Amayang'ana ife kuti adziwe poima. Inu ndinu bambo aakazi a mtsikana uyu. Mukagwada pamene simuyenera kugwada, iye adzagwada pati? Ife tagwirizana kuti ngati ndinudi, mukhale miyezi itatu osayandikira Mgonero, ndipo mudzapepese pamaso pa mpingo wonse Sabata likubwerali."

Apo ndiye panandilowa. Ine ndimaseka zambiri, koma Mgonero sindinaphonyepo chibatizidwire. Komabe ndinawerama n'kunena, "Ndamva, bambo." Miyezi itatu imatha. Mayeso a mwana sabwera kawiri.

Mpando unalira kumbuyo kwanga.

"Anti, dzukani," anatero Wini. "Basi, zakwana."

"Khala pansi iwe, akuluakulu akuyankhula."

"Ayi, Anti." Anabwera kutsogolo, n'kugwada pambali panga, moyang'ana a Kamwendo. Chichewa chake chinkapunthwa apa ndi apo, koma sanathawire ku Chingerezi. "Pachithunzipo ndine. Anti anandibwereka chikhothi chifukwa ndimazizidwa. Akunama kuti anditeteze. Musawachotse pa Mgonero. Ndinagwada ndine."

Peggy anatseka maso. Ketulo inazima yokha.

5. Nsalu ya patebulo

"Unagwadiranji, mwanangu?" anafunsa a Kamwendo.

Wini anatulutsa buku lakuda m'chikwama. Anayang'ana mayi ake kaye, kenako analipereka ndi manja awiri.

A Kamwendo anatsegula tsamba ndi tsamba. Chitenje changa. Makatani. Yunifolomu ya Peggy. Atafika pa munthu wa mwala anaima nthawi yaitali. Tsamba lina linali la mpendero wokhawokha ndi zala za kumapazi.

"Ndimafuna kuona mmene nsalu yathera m'munsi," anatero Wini. "Ukaimirira suona. Sindimapemphera. Panali mayi wina amene amapemphera, ife tinamudikira. Iye manja ake anali pamodzi. Anga anali ndi pensulo. Koma ndinalakwa. Ndinawauza Mum kuti ndikujambula nsalu, osanena kuti wavala nsaluyo ndi ndani. Ndimadziwa kuti akana."

"Koma n'chifukwa chiyani fano limeneli?" anafunsa mkulu wina. "Nsalu zatha m'masitolo?"

Wini anafotokoza za Gandhara ndi Agiriki monga anandifotokozera ine. Ndinaona maso a anthu akuyamba kuyendayenda. Mbiri yakale pa mimba ya njala siilowa. Ndinadzuka, popeza mawondo anali ataululika kale, n'kusolola nsalu yoyera ya patebulo. Makapu ndinayamba ndachotsa, musaope.

"A Kamwendo, taimani."

"Mayi Tionenji..."

"Mwandiimika ine pa mlandu, inunso imani pa muyeso."

Anaimirira, mwina chifukwa chodabwa. Ndinaponya nsalu paphewa lawo lamanzere, kuizunguliza kumbuyo, kuibweretsa paphewa lamanja, n'kuponyanso nsonga yake kumanzere. "Lemerani mwendo umodzi. Winawo masulani. Eya, choncho." Makwinya anatsika mokhota pachifuwa pawo. Bondo linatulukira pansi pa nsalu. Wini anakweza chojambula chake pambali pawo.

"Ni chimozimozi!" anatero Mayi Mubanga.

"Tsono tayang'anani apo," ndinaloza kalendala ya mpingo imene ili pakhoma pamwamba pa sinki. Pali chithunzi cha Ambuye akuphunzitsa paphiri. Tachiona zaka ndi zaka tikutsuka makapu. "Ine malemba sindidziwa kwenikweni, koma nsalu ndimaidziwa. Amene anajambula kalendalayi ndi amene anasema mwala uja anaphunzira kuponya nsalu kwa anthu amodzi. Sindikuti ovalawo ndi amodzi, musandiwonjezere miyezi. Ndikunena za telala."

Onse anayang'ana kalendala, n'kuyang'ana buku, n'kuyang'ana a Kamwendo ataima ngati mtumwi wovala nsapato za kusitolo yotchipa ya Primark. Mayi mmodzi anayamba kuseka, ndipo khitchini yonse inatsatira. A Kamwendo nawonso mapewa ankagwedezeka pansi pa nsalu.

Atakhala pansi, anavala magalasi n'kuyankhula siteji ndi siteji.

"Winfrida, akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu a ku Gandharako analandira kalumo kwa alendo, koma anameta mutu wawo womwe. Sanasanduke Agiriki. Iwenso uli m'dziko la eni. Udzaona zambiri zokongola zimene si zathu. Phunzira luso kulikonse kumene ulipeze, ndipo anthu a zipembedzo zina uziwalemekeza monga unachitira ndi mayi uja. Koma udziwe mutu umene ukumeta. Mtima wako uli ndi mwini wake. Ndipo chimene ukuchita poyera usamachibise kunyumba. Theka la choonadi limene unawauza mayi ako ndi limene labala zonsezi. Lero unali utapulumuka kale. Ukanangokhala chete, palibe akanadziwa. Waimirira wekha, ukudziwa chimene ungataye. Chimenecho sukulu siipereka malikisi, koma ife tachiona."

Anatembenuka. "Mayi Mubanga, kandimverere anakanena za m'maluwa. Chithunzi chilibe pakamwa. Mukaona wathu wagwa, muyandikireni mumufunse, musanaitane amayi makumi asanu ndi limodzi. Mulembe pagulu lomwelo lero kuti munalakwitsa."

"Nizalemba, atate. Wini, unikhululukire mwana wanga."

"Ndipo inu, Mayi Tionenji, Mgonero mudya. Koma mwanama pamaso pa akulu, ndipo mwanamiza amayi zaka khumi ndi chimodzi. Ndandanda wokwecha ukuyamba ndi inu Loweruka likubwerali."

"Bambo, bondo lamanzere layambanso..."

"Lidzapola mukukwecha."

Anatseka buku lakuda. Sanalipereke kwa Wini. Analipereka kwa Peggy.

"Za mpingo zatha. Za bukuli ndi za m'nyumba mwanu, mayi."

6. Cha pansi pa sutikesi

M'basi Peggy anakhala cha pazenera. Buku linali pamiyendo pake, manja onse awiri ali pamwamba. Titatsika tinadutsa mabini atatu a kutsogolo kwa nyumba. Wini anawayang'ana. Inenso ndinawayang'ana, ndikuwerengera mumtima kuti bini yobiriwira ndikhoza kulowamo mpaka m'chiuno ngati kutafunika.

Peggy anawadutsa.

Anakhala patebulo la m'khitchini asanavule nsapato, n'kutsegula bukulo kuyambira tsamba loyamba. Pa yunifolomu yake anamwetulira pang'ono. "Ndimaponya zovala chonchi ine?" Pa munthu wa mwala anaima. Anayendetsa chala pamwamba pa makwinya a nsalu, osakhudza pepala.

"Ndani anakuphunzitsa kuti mzere uzizama apa, n'kupepuka apa?"

"Palibe, Mum. Dzanja limangopita lokha."

Peggy anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga, chifukwa msoko wa pakamwa panga unali utayamba kukoka.

"Dzulo ndinanena kuti bukuli lipita mu bini," anatero Peggy. "Ndinanena ndikuganiza kuti wagwadira mwala. Sunagwadire mwala. Ndipo lero wagwada pamene pamafunika kugwada, n'kunena zoona. Mawa ukapereke buku lako. Uliike mu pulasitiki, akuti kugwa mvula."

Wini anamukumbatira mwamphamvu moti mpando unatsala pang'ono kugwa. Ine ndinayatsa ketulo, chifukwa m'nyumba mukakhala misozi payenera kukhala wina woganiza za tiyi.

Koma Peggy anali asanathe. Analowa kuchipinda. Tinamva sutikesi yakale ija, imene tinabwera nayo kuchokera ku Malawi, ikukokedwa pansi pa bedi. Anabwerera atanyamula kanthu kokulungidwa m'chitenje chofwifwa. Chitenjecho ndinachidziwa. Ndinachipinda ndine, zaka khumi ndi zinayi zapitazo.

Anachiika patebulo n'kumasula. Munali kasemasema, kankhwangwa kakang'ono kosemera mitengo. Mpini wake unali wakuda, wosalala, wokumbika pang'ono pamene chala chachikulu cha mwini wake chinkakhala.

"What is it?" anafunsa Wini, Chichewa chitamuthawa.

"Gwira," anatero mayi ake.

Anagwira. Chala chake chinakalowa pokumbika paja ngati anachita kumuyeza.

"Ndinakuuza kuti bambo ako anali dalaivala wa lole," anatero Peggy. "Lero mwana wanga wandiposa kunena zoona, ndiye sindingagone nalo bodza limeneli. Sanayendetsepo ngakhale njinga yamoto. Anali wosema, ndipo kasemasemayu anali wake. Alamu, masulani pakamwa panu, ndakumasulani. Koma yambani mwadikira. Loweruka sindili pa shifiti. Mukamaliza kukwecha holo, nonse awiri mundiperekeze ku myuziyamu. Ndikufuna ndikamuone ndekha munthu wa mwalayo. Nkhani ya manja a Evance, ndi chimene chinandichititsa kubisa kasemasemayu, ndikaiyambira kumeneko."

Wini anali asanatule kasemasema uja. Anandiyang'ana, maso ali ndi mafunso okwana dengu.

"Usandiyang'ane ine," ndinatero, ndikuthira tiyi. "Ndadikira zaka khumi ndi zinayi. Iwe masiku asanu ndi limodzi sakupha. Tandipatsa shuga, ndipo undifunire khushoni ya mawondo."